Maso ouma: tifufuze gwero tisanathamangire mankhwala odontheza

Akonzi,

Tiloleni tiyankhulepo pa dandaulo lomwe limachuluka kuno ku Mangochi kuyambira nthawi ya mwera mpaka kutentha kwa Okutobala ndi Novembala: maso kuwotcha, kufiira, kumva ngati muli mchenga, ndi kuona mwachimbuuzi kumene kumayera munthu akaphethira kangapo. Ambiri amati ndi fumbi basi, n'kupita kukagula kabotolo kodontheza. Ife amene timagwira ntchito yoona maso tikuti kuuma kwa maso kuli ndi magwero ambiri, ndipo munthu amene sanapeze gwero la vuto lake akhoza kudontheza chaka chathunthu osaona kusintha.

Misozi imene imanyowetsa diso si madzi okha. Pansi penipeni pali kanthu konanda kamene kamamatiza misozi ku diso. Pakati pali madzi, ochokera ku kachiwalo kobisika pamwamba pa diso chakunja. Pamwamba pake pamayandama timafuta tochokera m'timabowo tandandalika m'mphepete mwa zikope, kuseri kwa tsitsi la m'zikope, ndipo chikope chilichonse chili ndi timabowo totere topitirira 20. Mafutawa ali ngati chivundikiro pa mtsuko: akasowa, madzi amauma msanga ngakhale diso likuwapanga okwanira. Anthu ambiri a maso ouma vuto lawo ndi limeneli, la mafuta, osati la madzi. N'chifukwa chake wina amadabwa akauzidwa kuti maso ake ndi ouma pomwe misozi ikungoyenderera m'masaya. Diso likauma limapweteka, likapweteka limakhuthula misozi yamadzimadzi yopanda mafuta, imene imangodutsa osakhazikika.

Kufufuza kuyambe ndi nthawi imene maso amavuta kwambiri. Ngati ndi m'mawa podzuka, zikope zili zolemera, zomatana, m'munsi mwa tsitsi la m'zikope muli tinkhanambo, kaikirani timabowo ta mafuta tija kuti tatsekeka. Ngati m'mawa muli bwinobwino koma vuto limakula tsiku likamapita, yang'anani ntchito imene mumagwira ndi malo amene mumakhala. Ngati chachikulu ndi kuyabwa, mpaka kufuna kutikita osaleka, nthawi zambiri ndi thupi kudana ndi fumbi kapena mungu. Ana amene mbali yoyera ya maso awo yasanduka yabulauni, omwe amangokhalira kutikita, ambiri ali m'gulu limeneli, ndipo kutikitako kukapitirira zaka kumatha kupotoza galasi la kutsogolo kwa diso. Ngati ndi diso limodzi lokha, musafulumire kunena kuti lauma, chifukwa kuuma kumakonda kugwira onse awiri. Limodzi likamavuta pangakhale kachitsotso kobisala pansi pa chikope, tsitsi lopindikira mkati, kapena chikope chosatsekeka bwino, monga zimachitikira amene mbali imodzi ya nkhope inafooka kapena amene anadwalapo khate. Pemphani wa m'nyumba akuyang'aneni muli mtulo ngati diso limatsala lotseguka pang'ono.

Za malo ndi ntchito, ife a kunyanja tili nazo zathuzathu. Mayi wowamba nsomba ku Makawa kapena ku Msaka amakhala maola ambiri nkhope ili mu utsi, ndipo akabwerera kunyumba amakaphikanso pamafuwa m'khitchini yopanda zenera. Msodzi amachezera usiku wonse pamphepo, siginala, woyang'anira nyali zokopera nsomba, maso ali pafupi ndi nyalizo, m'mawa n'kukumana ndi dzuwa lonyezimira pamadzi ndi pamchenga. Dzuwa, mphepo ndi fumbi zimenezi ndi zomwenso zimameretsa kamnofu kaja koyambira pakona ya diso chakumphuno n'kumalowera pakati. Kamnofuko kamalepheretsa misozi kuyala bwino, ndipo palibe mankhwala odontheza amene amakasungunula. Kakayandikira mwana wa diso kamafunika opaleshoni. Wakabaza wa njinga yamoto amene helimeti yake ilibe galasi amaumitsa maso ake ulendo uliwonse. Ndipo usiku wotentha, amene ali ndi fani amailozetsa kumaso mpaka kucha. Zonsezi mankhwala ake si a m'botolo: kuphikira panja kapena pambaula yosafuka kwambiri, kukhala mbali imene mphepo ikuchokera powamba, chipewa cha khonde, magalasi otchinga mpaka m'mbali, ndi fani kuilozetsa kumiyendo.

Foni nayo yalowererapo. Munthu amaphethira pafupifupi ka 15 mpaka 20 pa mphindi imodzi, koma maso akakhazikika pa foni kapena kompyuta chiwerengerochi chimatha kutsika ndi theka kapena kuposerapo, komanso kuphethirako kumakhala kosafika pansi. Kuphethira kokwanira ndi kumene kumafinya mafuta kutuluka m'timabowo tija. Pakatha mphindi 20 zilizonse, yang'anani chinthu chili pamtunda wa mamita 6 kwa masekondi 20, kenaka tsinzinani mokwanira kangapo. Kompyuta ikhale m'munsi pang'ono mwa maso. Kwa amene apitirira zaka 40, dziwani kuti kutopa kwa maso powerenga, posoka kapena pokonza ukonde nthawi zambiri si kuuma, koma diso layamba kulephera kuona zapafupi. Magalasi owerengera oyezedwa bwino amathetsa zimenezo tsiku lomwelo.

Mbali imene ambiri saiganizira n'komwe ndi ya mankhwala omwe akumwa pa matenda ena. Piriton ndi anzake a chimfine ndi ziwengo amachepetsa misozi. Chimodzimodzi amitriptyline, komanso mankhwala ena a BP, monga okodzetsa aja hydrochlorothiazide ndi furosemide, ndiponso atenolol ndi propranolol. Musasiye mankhwala a BP chifukwa cha kalata ino, chonde. Auzeni adokotala, iwo aone ngati angasinthe mtundu. Amene anatupapo thupi lonse, khungu kusupuka, milomo ndi maso kuchita zilonda atamwa Bactrim, Fansidar kapena nevirapine, maso awo amatha kutsala ouma kwambiri kwa moyo wonse chifukwa cha zipsera za mkati mwa zikope. Otere asamadzithandize okha, azionedwa kuchipatala pafupipafupi.

Pali matenda a m'thupi amene amaonekera m'maso. Shuga imachepetsa misozi komanso imafooketsa mitsempha yomvera ya diso, moti chilonda chimatha kuyamba munthu osamva kupweteka kwenikweni. HIV, matenda a chithokomiro otuzula maso, ndi nyamakazi yotupitsa mfundo za zala, zonse zimaumitsa maso. Mayi amene maso ndi m'kamwa momwe mwauma, mpaka kulephera kumeza mbatata popanda madzi, mano akuwola, mfundo zikuwawa, afunika kuyezedwa magazi, chifukwa pali nthenda yotchedwa Sjögren imene chitetezo cha m'thupi chimaononga tiziwalo topanga misozi ndi malovu. Amayi amene asiya kusamba ndi okalamba onse misozi yawo imachepa mwachibadwa. Agogo ena ali ndi zipsera za trachoma ya kale, nthenda yopatsirana yogwira mkati mwa zikope. Bungwe la WHO linalengeza m'chaka cha 2022 kuti Malawi wagonjetsa nthendayi, koma zipsera za amene anadwala ali ana sizinachoke, ndipo zimapinda chikope tsitsi n'kumakanda diso. Kuzula tsitsilo ndi chithandizo cha masabata ochepa, limameranso lolimba. Opaleshoni yaing'ono ya chikope ndi imene imakonza.

Kwa mwana nkhani ndi ina. Mwana amene amapunthwa kukayamba mdima, mbali yoyera ya diso ili youma, yamakwinya, nthawi zina ndi kachigamba kooneka ngati thovu louma, akusowa vitamini A, makamaka ngati wangodwala chikuku, kutsegula m'mimba kwa nthawi yaitali kapena kunyentchera. Ameneyo apite kuchipatala tsiku lomwelo, pakuti galasi la diso likhoza kusungunuka m'masiku ochepa. Kapisozi wa kusikelo, wabuluu kwa ana a miyezi 6 mpaka 11 ndi wofiira kwa a chaka chimodzi mpaka zaka zisanu, amaperekedwa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse pofuna kupewa zimenezi. Mango, papaya, maungu, mbatata yofiira mkati, bonongwe, nkhwani zotendera, mazira ndi chiwindi zimathandizira.

Tsopano za mabotolo ogula. Apa ndi pamene maso ambiri akuonongekera. Tetracycline, chloramphenicol ndi gentamicin ndi mankhwala opha tizilombo, sachiza kuuma, ndipo gentamicin akadonthezedwa masabata ambiri amapsereza pamwamba pa diso. Oopsa koposa ndi okhala ndi dexamethasone, betamethasone kapena prednisolone. Amayeretsa diso m'masiku awiri, munthu n'kuwakonda, n'kumauzako anzake. Koma akagwiritsidwa ntchito masabata kapena miyezi popanda woyeza amatha kukweza mphamvu ya madzi a mkati mwa diso n'kupha mtsempha woonera mwakachetechete, amayambitsa ng'ala, ndipo ngati pali chilonda, monga cha mlimi amene walaswa ndi tsamba la chimanga kapena mankhusu a mpunga, amachikulitsa mpaka diso kuphulika. Werengani pa botolo musanadonthetse. Tikupempha ogulitsa mankhwala kuti awa asamaperekedwe popanda chikalata cha dokotala, ndipo a Pharmacy and Medicines Regulatory Authority aziyendera misika ya kumidzi ndi m'madoko. Za mkaka wa m'mawere, mkodzo, madzi a shuga, mandimu ndi utomoni wa mitengo, tingonena mwachidule: m'diso musalowe chilichonse mwa izi. Mkodzo umatha kubweretsa chinzonono m'maso, ndipo chimenecho chimaboola diso mofulumira.

Chimene munthu angachite pakhomo ngati zikope ndizo zatsekeka ndi ichi. Sambani m'manja ndi sopo. Viikani kansalu koyera m'madzi owiritsa amene azizirako, otentha mongoti kuseri kwa dzanja kukupirira bwinobwino, pafupifupi madigiri 40. Finyani, tsinzinani, ikani pazikope kwa mphindi 5 mpaka 10. Kansalu kamazizira m'mphindi ziwiri, choncho muzikaviikanso, apo ayi mafuta oundanawo sasungunuka ndipo mwangotaya nthawi. Mukatero sisitani chikope ndi chala pang'onopang'ono kulowera kumene kuli tsitsi, chapamwamba kutsitsa, chapansi kukweza, osadinikiza diso lenilenilo. Malizani ndi kupukuta m'mphepete mwa zikope ndi kansalu kena konyowa. Kawiri pa tsiku, ndipo musayembekezere kusintha sabata yoyamba; pamatenga mwezi kapena kuposerapo, ndipo mukalekeratu vuto limabwerera. Odzola zakuda m'zikope asamazilowetse mkati mwa mzere wa tsitsi, ndi pomwe pali timabowo, ndipo azichotsa pogona.

Misozi yochita kupanga, monga hypromellose kapena carmellose, imapezeka m'mafamase ndipo ndi imene ili yoyenera pa kuuma. Dontho limodzi ndi lokwanira, diso silisunga loposa pamenepo. Kokerani pansi chikope cham'munsi, donthezani kukamwa kwa botolo kusanakhudze diso, tsinzinani mphindi imodzi kapena ziwiri chala chili pakona ya kumphuno. Mabotolo ambiri ali ndi mankhwala oteteza kuti asaonongeke, monga benzalkonium chloride, amene nawonso amapweteka diso akachuluka, choncho amene akufunika kudontheza kopitirira kanayi pa tsiku afunse mtundu wopanda zotetezerazo. Botolo likatsegulidwa litayidwe pakatha masiku 28, lisasungidwe padzuwa kapena m'thumba la malaya, ndipo asabwerekane. Ngati muli ndi mitundu iwiri, pakati pake padutse mphindi zisanu, wamafuta akhale womalizira. Abale athu achisilamu, m'mwezi wa Ramadan imwani madzi okwanira pofutulu ndi padakwi, ndipo ngati muli pa mankhwala a glaucoma, nthenda yopha mtsempha woonera, musawasiye. Kambiranani ndi ashehe komanso adokotala za nthawi yodonthezera.

Kuchipatala kuyeza kwake si kovuta. Amadonthetsa utoto wachikasu n'kuunika ndi nyali yabuluu kuti aone masekondi amene misozi imakhala isanang'ambike munthu asanaphethire. Osakwana 10 ndiye kuti ikuuma msanga. Utoto womwewo umaonetsa tizilonda. Pena amakoleka kapepala kopyapyala pachikope cham'munsi kwa mphindi zisanu: kakanyowa mosakwana mamilimita 5, madzi ndi ochepa ndithu. Amafinyanso chikope kuona ngati mafuta akutuluka oyera kapena olimba. Yambirani pachipatala chapafupi kapena cha boma pa Mangochi pano. Zikafunika akatswiri amatumiza ku Zomba Central kapena ku Lions Sight First ku Queens mu Blantyre. Popita tengani buku lanu la kuchipatala, mankhwala onse amene mukumwa, ndi mabotolo onse amene mwadonthezapo, ngakhale otha, ndipo ngati munathirapo achikuda nenani, palibe amene akudzudzuleni.

Koma pali zina zosayenera kudikira tsiku la kiliniki: diso kupweteka kwambiri, kuopa kuwala, kadontho koyera pagalasi la diso, kuona kuchepa osayera ngakhale muphethire, kufiira kwa diso limodzi pamodzi ndi mutu ndi kusanza, kapena mafinya m'maso mwa khanda. Zimenezi si kuuma, ndipo wodwalayo anyamuke tsiku lomwelo.

Ogwira ntchito za maso,
Mangochi