Kwa mdzukulu wanga wa Sitandade 3

Wokondedwa mdzukulu wanga,

Zaka 9 zakwana tsopano, eti? Kuno takusowa kwabasi. Dzino linkagwedera lija linazuka? Nanga chifuwa chinatha?

Nkhuku yako yamawanga yaswa. Nkhuku imafungatira mazira masiku 21, ndipo iyi inachita kuonda m'chitete chakukhitchini chija, inkangotuluka kukamwa madzi n'kubwerera msangamsanga. Anapiye onse ndi akuda, koma kamodzi kali ndi kadontho koyera pamutu. Kameneko ndiye kovuta! Make akapalasa padzala n'kuitana, anzake amangothamangira, koma iko kamayamba kapendeka mutu, kuyang'anitsitsa, kenako n'kudompha chiswe chake. Dzulo kanalimbana ndi nyongolotsi yaitali kuposa iko komwe, kukoka, kugwa chagada, kudzukanso. Kabawi atadutsa onse anabisala m'mapiko mwa make, iko kamwendo kali panja. Dzina ukatche ndiwe.

Waona kuti make amangopalasa, kudompha n'kwa mwanapiye? Kusukulunso aphunzitsi amalemba pa bolodi, koma sangakumezere.

Amayi ako akuti samu yochotsera ikukuvuta. Thyola timitengo, umange mitolo ya khumikhumi ndi luzi. Tiyese 52 kuchotsapo 17. Yala mitolo 5 ndi timitengo 2 tapadera. Kodi pa 2 ungachotsepo 7? Ayi. Ndiye masula mtolo umodzi, tapadera tikhale 12, mitolo itsale 4. Chotsa timitengo 7, tatsala 5. Chotsa mtolo umodzi, yatsala 3. Yankho ndi 35. Ana ambiri amapeza 45, ena chifukwa amatembenuza n'kuchotsa 2 pa 7, ena amaiwala kuti mtolo umodzi anaumasula kale. Usadikire cholembera chofiira cha aphunzitsi kuti udziwe ngati wakhoza. Phatikiza 35 ndi 17, ukapeza 52 ndiye kuti zili bwino.

Samu imene yathethedwa usaing'ambe, kope limatha msanga ndipo ndi ndalama. Ilembenso pansi pake tsiku lomwelo. Tsamba lomaliza la kope likhale la mafunso ako. Chimene sunamve uchilembe pamenepo, mawa lake ukweze dzanja. M'kalasi muli ambiri, ndikudziwa, aphunzitsi sangaone nkhope ya aliyense, choncho mwana wongokhala chete amamuyesa wamva. Manyazi akakugwira, uwatsatire pa buleki. Kodi umakhala kutsogolo kapena kumbuyo? Bolodi umaliona bwino? Ngati umachita kutsinzinira kuti uwerenge, uwauze amayi ako lero lomwe, maso sachedwa nawo. Nanga phala umamwa usanapite?

Pali kanthu kena kamene aphunzitsi sangakuchongere. Ukhale pansi madzulo, udzifunse. N'chiyani chimene umachita wopanda wokutuma? N'chiyani chimakupweteka mtima chikachitikira mnzako? Ndani amene umafuna utafanana naye, ndipo amachita chiyani? Mayankho ake akuonetsa zimene iwe umaziona kuti n'zofunika. Mwina ndi kunena zoona, mwina kugawana, mwina kumaliza chimene wayamba. Usankhe zitatu zokha, ulembe mkati mwa chikuto cha kope. Usakopere za mnzako, ngakhale zanga. Ana ambiri amalemba zimene akuganiza kuti akulu asangalala nazo, ndiye tsiku lachiwiri aiwala, poti sizinali zawo.

Chilichonse uchipatse ntchito yake. Ukalemba "kunena zoona", ndiye kuti pa mayeso suyang'ana pepala la mnzako ngakhale lili poyera. Ukalemba "kugawana", ndiye kuti woiwala pensulo umubwereka ukamaliza kulemba. Nthawi zina ziwiri zimalimbana. Mnzako wapamtima akakunong'oneza kuti umuonetse yankho, utani? Ine ndikuti umukanize, koma poweruka mukhale pansi pa mtengo ndi timitengo tanu tija. Lachisanu lililonse uziyang'ana zitatuzo, uike kachizindikiro pa chimene wachita sabata imeneyo.

Mvula yayandikira, udzudzu uchuluka. Uzigona m'neti, ndipo uzilipinda pansi pa mphasa mbali zonse. Undiyankhe ndi dzanja lako, osati la amayi ako, undiuze zitatu zako zija. Upereke moni kwa amayi ndi atate ako.

Ndine agogo ako okukonda.