Si mfuti iliyonse mu kanema wa nkhondo ili AK-47

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko za anyamata omasulira makanema a nkhondo m'Chichewa. Ntchito yawo ndimaikonda, koma pa mfuti akutisocheretsa. Sabata yatha ndinaonera kanema wa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse pamodzi ndi adzukulu anga, ndipo womasulira anati msilikali wa ku Germany wanyamula AK-47. Nkhondo imeneyi inatha mu 1945, pamene asilikali a Soviet Union analandira AK mu 1949. Imene inali m'manja mwa msilikaliyo ndi MP40.

Kuzizindikira sikuvuta ukadziwa poyang'ana, ndipo ine ndimayamba ndi magazini, kabokosi kolowamo zipolopolo. Ikakhala yopindika, yoima pamwamba pa mfuti ngati nyanga, ndipo aisenza ndi a Britain, imeneyo ndi Bren. Ikatulukira chammbali kumanzere, kamfuti kake kooneka ngati mpope wa madzi, ndi Sten ya mu 1941. Ya MP40 imalendewera pansi, yoongoka. Asilikali a Russia mudzawaona ndi PPSh-41, ya magazini yozungulira ngati chitini, yolowa zipolopolo 71. M1 Garand ya ku America khutu lokha limaidziwa: chipolopolo cha nambala 8 chikatuluka, kachitsulo komangira zipolopolo kamadumpha n'kulira kuti ngwee!

Koma imene ndikufuna adzukulu athu aidziwe ndi Lee-Enfield ya .303, yolowa zipolopolo 10, yoti ukawombera kamodzi uyambe wakoka chitsulo ndi dzanja. Makolo athu a King's African Rifles anali nayo m'nkhalango za ku Burma mu 1944. Lee-Enfield yakale, SMLE Mk III ya mu 1907, thabwa lake limafika mpaka kukamwa kwa mfuti, mphuno yake n'kukhala yobuntha. Pa Lee-Enfield No. 4, imene inabwera mu 1941, mpope umatulukira pang'ono kutsogolo, ndipo mpeni wake womangirira uli ngati msomali wautali. Ndiye mukaona No. 4 m'ngalande zobisalamo asilikali za ku France za mu 1916, pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, dziwani kuti opanga kanema alakwitsa.

Amalakwitsadi, ngakhale otchuka omwe. Mu kanema wa Zulu wa mu 1964, wosimba za nkhondo ya a Britain ndi Azulu ku Rorke's Drift mu 1879, akuluakulu a asilikali a Britain agwira pisito za Webley Mk VI zomwe zinapangidwa kuyambira mu 1915. Mfuti ya asilikali wamba nthawi imeneyo inali Martini-Henry, yolowa chipolopolo chimodzichimodzi, ndipo ukadziwa zimenezi umamvetsa chifukwa chake ankhondo a Chizulu ankatha kufika pafupi ndi mikondo.

Pempho langa kwa omasulira n'loti asanayambe kujambula mawu, afufuze kaye chaka chimene nkhondoyo inachitika ndi mayiko amene ankamenyana. Ngati dzina la mfuti silikudziwika, angonena kuti mfuti. Nanunso akonzi, muzionetsetsa mawu olembedwa pansi pa zithunzi za asilikali akale pa mwambo wowakumbukira mu Novembala.

Wowerenga wanu,
Zomba