Kalata ya kafukufuku wa COVID-19 ndi zokopa alendo

Blantyre

Okondedwa achimwene,

Kuno tili bwino, kaya inu kumeneko. Za network analysis zija mudafunsa, njira younikira kulumikizana kwa mabizinesi pofufuza mmene COVID-19 idakhudzira zokopa alendo, kayendetsedwe kake kuno kumwera ndi aka.

Yerekezani nyengo ziwiri: Epulo mpaka Ogasiti 2019, ndi miyezi yomweyo mu 2020. Mukasiyanitsa miyezi, mudzanamizira mliri zomwe zachitika chifukwa cha mvula. Kumbukirani kuti boma lidalengeza kuti dziko lili pa ngozi pa 20 Malichi 2020, ndege zakunja zidaima pa 1 Epulo, koma lockdown ya masiku 21 ija khothi lidailetsa. Amalawi ankayendabe. Choncho alendo akunja ndi a konkuno muwawerenge padera.

Ganizirani ukonde wa asodzi. Mfundo zake ndi bwalo la ndege la Chileka, chipata cha Mwanza, mahotela a mu Blantyre, obwereketsa magalimoto, Majete, Liwonde, malo ogona ku Mangochi, ndi operekeza alendo pa Likhubula ku Mulanje. Ulusi ndi kutumizirana alendo. Funsani aliyense kuti, "Alendo anu amachokera kwa yani, nanga mumawapititsa kwa yani, angati pa mwezi?" Mayankho muwalembe mu fayilo ya CSV ya mizere itatu yotsika, Source (wotumiza), Target (wolandira) ndi Weight (chiwerengero cha alendo), muilowetse mu Gephi, pulogalamu ya pa kompyuta yojambula ndi kuunika maukonde otere, ngati directed (yoonetsa kolowera ulusi), chifukwa wotumiza ndi wolandira sali chimodzimodzi.

Ambiri amathamangira degree, kuwerenga kuti mfundo ili ndi ulusi ungati. Kwa ine nkhani yagona pa betweenness, yomwe imaonetsa amene njira zambiri zimadutsira mwa iye. Hotela yayikulu ikatseka, alendo amagona kwina. Koma kakampani ka magalimoto atatu kolumikiza Chileka ndi Likhubula kakaima, onyamula katundu m'phiri amagona ndi njala ngakhale phirilo lili chitsegukire. Yesani kuchotsa mfundo imodziimodzi, muone kuti ukondewo ukuduka zigawo zingati.

Zolakwika zimayambira pa mayina. Wina alemba Cape Maclear, wina Chembe, kompyuta nkuziona ngati malo awiri. Patsani malo aliwonse nambala yake musanayambe.

Choopsa kwambiri ndi ichi: mukafunsa okhawo amene akugwirabe ntchito, amene adatsekeratu sadzaoneka, ndiye mliri uoneka ngati udali wofatsa. Mndandanda uchokere mu 2019, ndipo otsekawo muwasake. Ogulitsa ziboliboli ndi eni maboti nawonso alibe mabuku a alendo; kwa iwo pemphani kuti aone mauthenga akale a WhatsApp, asamangoyankha za m'mutu.

Chithunzi cha ForceAtlas2, njira ya mu Gephi yoyalira mfundo, chisakunamizeni, kuyandikana kwa mfundo pamenepo si mtunda weniweni. Ndipo musanafunse munthu, pezani chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku, mayina a mabizinesi ang'onoang'ono muwabise polemba.

Mukakonza mafunso, munditumizire ndiwaone Chichewa chake. Mupereke moni kwa alamu ndi ana.

Ine wanu,
Mnzanu wa ku Blantyre