Oimba nyimbo zauzimu asachite manyazi kulemberana

Akonzi,

Nkhani za oimba nyimbo zauzimu zimakonda kufotokoza mmene munthu anayambira m'kwaya, chimbale chake choyamba ndi mphoto zomwe analandira. Sizinena kuti ambiri amakalamba nyimbo zawo zikumvekabe pa wailesi, koma ndalama zake akudya ena. Gwero lake ndi mawu aja akuti "uwu ndi utumiki, tidzamvana monga abale."

Nyimbo yojambulidwa imakhala ndi umwini uwiri. Wina ndi wa amene anapeka mawu ndi chuni, wina ndi wa chojambulidwacho, chomwe ku situdiyo amati master. Munthu akhoza kupeka nyimbo yekha, master n'kupita kwa amene analipira situdiyo. N'chifukwa chake asanatuluke m'situdiyo, onse amene aikapo dzanja alembe pepala limodzi: dzina la nyimbo, tsiku, mayina awo enieni, gawo la aliyense mpaka zikwane 100 peresenti, kenako asayine. Nyimbo ikatchuka kaye, aliyense amakumbukira mosiyana.

Woimba atenge mafayilo a WAV (a nyimbo yosafinyidwa), osati MP3 yokha yotumizidwa pa WhatsApp, yomwe imakhala itafinyidwa kale ndipo siithandiza pokonzanso nyimbo. Atengenso zida zokha zopanda mawu, ndi mbali iliyonse payokha, n'kusunga malo awiri. Kompyuta ya pulodyusa ikafa, chimbale chimafera momwemo.

Pena pamene ambiri amagwa ndi pa biti (zida zoimbidwa kale zopanda mawu) yogula pa intaneti. Yambiri imakhala yobwereka chabe, ndipo yomweyo amaigulitsa kwa anthu ambirimbiri. Wina akailembetsa ku Content ID, njira yomwe YouTube imazindikirira mwini nyimbo, ndalama za vidiyo ya mnzake zikhoza kumapita kwa iye. Woimba awerenge chilolezocho asanalipire. Chojambulidwa chilichonse chikhalenso ndi nambala yake yochizindikiritsa, yotchedwa ISRC, ya zilembo ndi manambala 12, ndipo akaunti yotumizira nyimbo ku Spotify kapena Apple Music itsegulidwe m'dzina la woimbayo, osati la bwenzi lodziwa kompyuta. Asayembekezenso zambiri msanga: kuyambira 2024 Spotify silipira nyimbo yomwe sinamvedwe ka 1,000 pa miyezi 12.

Za nyimbo zam'buku, si zonse zomwe zilibe mwini. Pangano la mayiko la Berne, lokhudza umwini wa zopeka, limateteza nyimbo kwa zaka zosachepera 50 wopeka atamwalira, ndipo amene anaimasulira kapena kuikonzanso akhoza kukhala ndi gawo lakelake. Kufunsa kuyambe nyimbo isanatuluke.

Ndikupempha abusa ndi akulu ampingo kuti asamayese woimba wofunsa za pepala ngati wokonda ndalama. Baibulo lomwelo likuti wantchito ayenera kulandira malipiro ake. Woimba akalembetse nyimbo zake ku bungwe lotolera ndalama za oimba, ndipo atchule m'wilo amene adzazilandire, kuti mkazi kapena mwamuna wake ndi ana asadzalimbane ndi situdiyo maliro atangotha.

Wowerenga wanu,
Mphunzitsi wa kwaya