Utsi nawonso ukudwalitsa mitima ku Chipata

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya utsi umene tikupuma kuno ku Chipata. Munthu akapezeka ndi BP, malangizo ake timawadziwa tonse: chepetsani mchere ndi mafuta, siyani mowa ndi fodya. Palibe cholakwika pamenepo. Koma mayi amene sanasutepo fodya chibadwire, amene amakhala choweramira mbaula kuyambira mbandakucha akukazinga zitumbuwa zokagulitsa kumsika, ndani amamufunsa za utsi?

Ambirife timaganiza kuti utsi umathera m'chifuwa, munthu akatsokomola basi zatha. Si choncho ayi. Mu utsi muli tinthu ting'onoting'ono timene akatswiri amatitcha PM2.5, tochepa kwambiri kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Mphuno imalephera kutitchinga. Timafika pansi penipeni pa mapapo, tina mpaka kulowa m'magazi. Kumeneko timatupitsa mitsempha, magazi amayamba kuundana msanga, BP imakwera, ndipo zaka zikamapita mtsempha wa kumtima kapena wa kuubongo umatsekeka. Ndiye timamva kuti uje wagwa kubafa, mbali imodzi yafa, pakamwa papotoka. Pamaliro anthu amanong'onezana zina, koma za utsi simudzazimva.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2020 anthu pafupifupi 3.2 miliyoni padziko lonse anamwalira chifukwa cha utsi wa m'nyumba, wa nkhuni, makala ndi zina zotero. Mwa anthu 100 aliwonse, 32 anafa ndi matenda a mtima ndipo 23 ndi sitiroko. Ndiye kuti opitirira theka sanafe ndi matenda a m'mapapo.

Kwathu kuno zinthu zinaipiraipira mu 2024, pamene chilala chinaphwetsa madzi ku damu lopangira magetsi la Kariba, magetsi n'kumazima tsiku lathunthu. Ngakhale a m'mayadi amene anali ataiwala mbaula anakazifukula. Chimene chimandiwawa kwambiri ndi kayatsidwe kathu. Yendani mu Kapata, Mchini kapena Nabvutika dzuwa likamalowa, muone mwana atatumidwa kuyatsa moto: wayika pulasitiki kapena chidutswa cha patapata pakati pa makala, chikusungunuka n'kumadontha, iye nkhope ili pomwepo akuuzira. Agogo ali pampasa chapafupi, mapiritsi a BP ali m'thumba. M'miyezi ya June ndi July mbaula yomweyo imalowa m'nyumba, mazenera atatsekedwa. Ena amati makala akafiira ndiye kuti palibenso vuto, pamene mpweya wapoizoni wa carbon monoxide umene makalawo amatulutsa suoneka ndipo sununkha, umangolanda malo a mpweya wabwino m'magazi mtima n'kumagwira ntchito mowirikiza.

Onjezeranipo zinyalala zimene timatentha kuseri kwa nyumba, mathewera a ana ali momwemo, malole a ku Mwami, kumalire ndi Malawi, akufuka pa Great East Road, ndi lupsa la osaka mbewa kuyambira August. Mzinda wathu uli pakati pa mapiri, choncho m'mawa wozizira utsi umangoti tsaa pamadenga, osachoka msanga.

Sindikunena kuti anthu aleke makala. Aphikira chiyani, gasi ali pamtengo umenewu? Koma kuyatsira mbaula panja ndi tizitsotso m'malo mwa pulasitiki sikulira ndalama. Anamwino athu, poyeza BP muzifunsanso kuti munthu amaphikira chiyani ndipo amaphikira pati, makamaka achikulire ndi odwala shuga. Zinyalala zikamatengedwa pa nthawi yake, anthu sadzakhala ndi chifukwa chozitenthera. Ndipo a ZEMA, bungwe la boma loona zachilengedwe, amene lamulo la zachilengedwe la 2011 linawapatsa udindo woyang'anira mpweya, ndikuwapempha aziyeza mpweya wa m'makomboni athu m'nyengo yozizira ndi ya lupsa, n'kumalengeza zotsatira zake pa wailesi m'Chinyanja.

Wowerenga wanu,
Kapata, Chipata