Asamakumbe doko la Beira asanayeze matope

Mkonzi,

Kukumba njira ya zombo padoko la Beira popanda kafukufuku wa kayendedwe ka matope n'kutaya ndalama, ndipo nkhaniyi ikutikhudza Amalawi chifukwa mafuta ndi feteleza wathu wambiri amadzera kumeneko.

Mitsinje ya Pungwe ndi Buzi imatsitsa matope, madzi a m'nyanja n'kumawakankhira m'ngalande ya Macuti momwe zombo zimalowera. Mwezi ukakhala watsopano kapena wathunthu, madzi kumeneko amakwera ndi kutsika mamita okwana 6, choncho chombo cholemedwa ndi katundu chimaima kunja kudikira kuti akwere. Ngalande ikakwiririka, kudikirako kumatalika, ndipo chipukuta misozi cholipira mwini chombo chimathera pamtengo wa petulo kwathu kuno. Chodandaulitsa n'chakuti matope okumbidwawo akatayidwa pamalo olakwika, madzi amawabwezera m'ngalande momwemo.

Boma lathu ligwirizane ndi la Mozambique pothandiza akatswiri kuyeza kuya kwa ngalandeyi ndi makina a echo sounder dzinja lililonse likatha, komanso pakadutsa namondwe ngati Idai wa 2019. Zotsatira zake zizilengezedwa, kuti oitanitsa katundu azidziwiratu kukula kwa chombo chomwe chingalowe.

Wowerenga wanu,
Blantyre