Kalata kwa Onse Ogayitsa pa Chigayo Chathu

Okondedwa amayi, abambo ndi nonse amene mumagayitsa kuno,

Ndikulemba kalatayi mtima ukuwawa. Zaka zonsezi takhala tikumvana pakamwa, mayi akafika ndi ndowa pamutu ife timatula, timakonola, timagaya, basi. Sindinaganizepo kuti tsiku lina ndidzafotokoza za mtengo papepala ngati munthu wolakwa.

Kuyambira Lolemba likubwerali, amene mumachokera tsidya lija la msewu musawolokenso ndi katundu. Chimanga muzisiya pa kashedi kamene tachita lendi pafupi ndi siteji ya minibasi, mnyamata wathu azilemba dzina lanu pathumba, ufa muziutenga pomwepo madzulo. Pa ndowa iliyonse tawonjezera K300 ya mayendedwe. A tsidya lino mtengo sunasinthe.

Ine sindidana ndi chitukuko ayi. Tonse tinaona mmene msewu wa Masauko Chipembere unakulitsidwira ndi thandizo la dziko la Japan, ulendo wa ku Limbe n'kupepuka. Atayamba kukumba kuno kwathu ndinasangalala, fumbi ndinalipirira miyezi yonse ija ngakhale linkalowa mpaka mu ufa. Koma phula latsopano litaikidwa, mizere yoyera imene inali pakhomo pathu pano sanaijambulenso. Mahampu anachotsa, pakati pamsewu anamangapo konkire, ndipo powolokera anakaika kumunsi kuja. Wachinyamata wopanda katundu amafikako msanga. Nanga mayi amene wasenza ndowa yodzaza, mwana ali kumsana, atsike mpaka kumeneko n'kukweranso mtunda? Amene anajambula mapulani amenewa anayamba asenzapo chimanga?

Ndapita ku maofesi katatu, nditanyamula kalata imene ambiri a inu munasainira, amfumu athu atadindapo chidindo. Ulendo woyamba anati bwana ali ku msonkhano. Wachiwiri anati nkhani ya msewu waukulu si ya ofesi yawo, ndipite kwina, ndipo kwinako anandibwezera komwe ndinachokera. Wachitatu ndi pamene wina anandiuza kuti pathu pano pali pafupi ndi pokhota, oyendetsa galimoto saona msanga munthu wowoloka. Zimenezo ndikumva. Koma ngati ndi choncho, bwanji osabwezeretsa mahampu kuti galimoto zizichepetsa liwiro? Anthu sanasiye kuwolokera pano. Akungodumpha konkire uja, moyo uli m'manja.

Mwezi wathawu ndinaona ndi maso angawa mayi wina akuponya ndowa pansi pothawa lole. Iye anapulumuka, Mulungu alemekezeke, koma chimanga cha banja lonse chinamwazika pa phula, matayala akuchiponda. Usiku umenewo tulo sindinatione. Ndinati munthu asadzafere pakhomo panga chifukwa cha ufa.

Tsono K300 ija si yoti ndilemere nayo. Njinga yamoto ya matayala atatu imene tizinyamulira matumba ndi yahayala, ndipo chifukwa cha konkire yemweyo siyingadule msewu, iyenera kukazungulira kutali kupita ndi kubwera komwe, mafuta akutha. Kashedi kaja n'kolipira mwezi ndi mwezi, mnyamata nayenso adikira malipiro. Onjezani malamba, masefa ndi mahamala a chigayo. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ogulitsa zipangizo ku Limbe amangosintha mtengo ulendo uliwonse, ukafunsa amati madola akusowa, ngakhale pa katundu amene wakhala pashelefu chaka chathunthu. Mayunitsi a magetsi nawo sachedwa kutha. Zonsezi ndakhala ndikuzimeza ndekha osakuuzani.

Ndikudziwa kuti tsidya lanulo kuli chigayo china, ndipo ena sindinakuoneni kwa milungu ingapo. Sindikukudandaulani. Ndikungopempha kuti musatitaye. Ena mwa inu munayamba kubwera kuno muli atsikana operekeza amayi anu, lero mukutuma ana anu. Zikomo kwambiri chifukwa cha zaka zonsezi, ndipo chonde tiyeseni kaye mwezi umodzi musanaganize zina.

Madeya anu azibwera m'kathumba kapadera, sitisunga ngakhale pang'ono. Kashedi kazitsegulidwa 6 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, kupatula Lamlungu. Kulipira ndi pamanja, pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Kalata yachiwiri yopita kwa akuluakulu ili patebulo pomwepo, amene simunasaine ulendo uja mudzasaine.

Ine wanu,
Mwini chigayo